Funsani Makaniko: Ndasintha Valavu ya VVT-i Koma Nyale Ikuyakabe

FUNSO: Ndili ndi Toyota Sienta ya injini ya 1NZ-FE yomwe ndimanyamulira anthu. Nyale ya check engine inayaka, galimoto inayamba ulesi pokwera mtunda ndipo ikumwa petulo wambiri. Makaniko ataika makina ake oyezera anapeza nambala ya P0010, n'kundiuza kuti ndigule valavu ya VVT-i. Ndinagula yogwirapo kale ntchito, tinaiika, koma nyale yayakanso ndi nambala yomweyo. Kodi anandigulitsa yakufa? — Woyendetsa takisi, Limbe

YANKHO: Bambo, n'kutheka kuti valavu munagulayo ndi yakufa, komanso n'kutheka ndithu kuti imene munachotsayo inali yabwinobwino, chifukwa m'kalata yanu simunanene kuti alipo amene anayeza valavu kapena mawaya ake. Makina oyezera amangoloza dera limene kompyuta ya galimoto yaonako cholakwika. Satchula chipangizo choti mugule.

Pa injini yanuyi, VVT-i imasintha nthawi imene mavalavu olowetsa mpweya amatsegukira, malinga ndi liwiro la injini ndi katundu amene yasenza. Kompyuta imatumiza magetsi ku kavalavu kotchedwa OCV (valavu ya VVT-i imene munagula ija) komwe kali pamutu pa injini, kavalavuko kamatsegulira oyilo njira yopita ku giya ya kutsogolo kwa camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu a mpweya aja, ndipo mphamvu ya oyiloyo ndi imene imapotoza camshaft pang'ono. Choncho vuto likhoza kukhala kumbali ya magetsi kapena kumbali ya oyilo, ndipo nambala ndi imene imatiuza koyambira. P0010, yomwe pa ma Toyota akale imaoneka ngati P1656, ndi ya magetsi: kompyuta ikuona kuti njira ya magetsi opita ku OCV yaduka kapena yagundana ndi china.

Pemphani makaniko wanu azimitse injini, azule pulagi ya OCV, ndipo ayeze mapini awiri a valavuyo ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Toyota imanena kuti valavu yabwino imaonetsa ma ohm a pakati pa 6.9 ndi 7.9 ikakhala yozizira, pa madigiri 20 a Celsius. Ikakhala yotentha ma ohmwa amakwerako pang'ono, n'chifukwa chake ndi bwino kuyeza m'mawa injini isanalizidwe. Ngati multimeter sikuonetsa kulumikizana kulikonse, waya wa m'kati mwa valavu waduka. Ngati ma ohm ali pafupi ndi ziro, wapserera. Ayezenso yakale ija ngati simunaitaye. Pambuyo pake alumikize valavu yomasulidwa ku batire kwa kamphindi kochepa chabe, ndipo kachitsulo ka m'kati kayenera kusuntha msanga n'kubwerera magetsi akachotsedwa.

Mavalavu onse awiri akapezeka amoyo, ntchito yatsala ku mawaya, ndipo ine kukayika kwanga kuli kumeneko. Ayang'ane m'kati mwa pulagi ngati muli dzimbiri, mapini otakasuka kapena oyilo, pakuti valavu yokalamba imatha kudutsitsa oyilo mpaka m'pulagimo. Kenaka achotse batire, azule pulagi ya kompyuta, ayeze waya uliwonse mwa awiriwo kuchokera ku OCV kukafika ku kompyuta, aonenso ngati palibe umene ukukhudza thupi la galimoto kapena kukhudzana ndi unzake. Poyezapo azigwedeza mtolo wa mawaya ndi dzanja, chifukwa waya wothyokera m'kati mwa chikopa chake umalumikiza galimoto ikaima n'kumalekana ikamagwedezeka pamsewu wa mabampu. Malo ofunika kuwaunika kwambiri ndi pafupi ndi pulagi penipeni, pomwe kutentha kwa injini kumaumitsa mawaya, komanso paliponse pomwe wina anamangapo tepi kale. Makoswe nawo amatafuna mawaya a galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe. Kompyuta yeniyeniyo siifa kawirikawiri, ndipo isaganiziridwe zonsezi zisanayezedwe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchenjezeni nacho: munthu asalumikize batire ku mawaya a OCV pulagi ili chilumikizire ku kompyuta, chifukwa mukhoza kuwotcha kompyutayo, chinthu chodula kuposa valavu.

Waya ukakonzedwa ndi nambala kufufutidwa, yendetsani galimoto mpaka injini itenthe bwino, kenaka muyezetsenso. Mukapeza kuti P0010 yachoka koma kwabwera P0011, P0012 kapena P1349, ndiye kuti magetsi akufika koma camshaft sikupita pomwe kompyuta ikufuna, ndipo nkhani yasamukira ku oyilo. Apa yambani ndi kuona kuchuluka kwake ndi mtundu wake. Ambiri amathira 20W-50 m'galimoto iliyonse poganiza kuti oyilo wokhuthala ndiye wolimba, chonsecho injini ngati 1NZ-FE inapangidwira oyilo wopepuka monga 5W-30, amene amadutsa mosavuta m'tinjira ting'onoting'ono ta VVT-i. Galimoto ya takisi, yomwe imakhalitsa ikulira pasiteji podikira anthu, imadetsa oyilo msanga kuposa momwe makilomita akuonetsera. Pamutu pa injini, pafupi ndi OCV, pali kasefa kakang'ono kobisika kumbuyo kwa bawuti, komwe amakaniko ambiri amakaiwala. Kakatsekeka ndi phala la oyilo wakale, valavu ngakhale yatsopano siingagwire ntchito. Kachotsedwe, katsukidwe, kabwezeredwe.

Ngati injini imachita phokoso la kugogoda kwa masekondi angapo mukangoiliza m'mawa, giya ya VVT-i ikhoza kukhala itatha, ndipo mukaona P0016 makaniko ayang'ane ngati tcheni cha timing, chimene chimazungulitsa camshaft, chatanuka kapena chalumpha dzino. Zimenezo zimafuna kutsegula kutsogolo kwa injini, choncho zibwere pomalizira, multimeter ndi kasefa kaja zitanena kale mbali yake.