Musathamangire kusintha BR2 ndi C5 pa makina a pinball, yambani mwayeza magetsi

Achimwene, mwanena kuti makina anu a pinball (masewera omenya kampira kachitsulo) ndi a Williams a m'zaka za m'ma 1990, ndipo amazima n'kuyambiranso okha masewera ali mkati, makamaka mukadina mabatani a ma flipper (timikono tomenyera kampira) onse awiri pamodzi. Ine ndiyankha za kuzimaku chifukwa ndalimbana nako kwambiri pa makina a mtundu wa WPC, omwe ndi mabolodi a Williams a nthawi imeneyo.

Bolodi la CPU limayendera magetsi a mavoti 5, ndipo lili ndi kachipangizo kolondera kotchedwa MC34064, kamene kamayambitsanso kompyuta yonse magetsiwo akangotsika kufika cha m'ma 4.7. Ma flipper akamenya pamodzi amakoka mphamvu yambiri, choncho ngati njira ya mavoti 5 inafooka kale, kutsika kwa kanthawi kochepa chabe n'kokwanira kuti masewera athere pomwepo. Ntchito yanu ndi kupeza pamene magetsiwo akutayikira.

Ndaona ena akuuzani kuti mungosintha BR2, kachipangizo kosandutsa magetsi a AC kukhala DC, ndi capacitor (chosungira magetsi) wamkulu uja wa C5 pa bolodi la power driver. Chonde musayambire pamenepo. Mnzanga wina anapereka bolodi lake kwa wokonza wina amene anazula C5 mokakamiza mtovu usanasungunuke bwino, ndipo kachitsulo kopyapyala ka m'kati mwa bowo, kolumikiza mbali ziwiri za bolodi, kanatuluka pamodzi ndi mwendo wa capacitor. Ndinakaona ndi maso anga katakanirira pamwendopo ngati kamphete. Makina anayamba kuzima kuposa kale, ndipo tinachita kudutsitsa timawaya kuti njira yodukayo ilumikizike. Chomvetsa chisoni n'chakuti vuto lenileni linali pa konekita yomwe timapini take tinali titada ndi kutentha, ndipo C5 analibe mlandu.

Tengani mita muyeze pa TP2, malo oyezerapo mavoti 5 pa bolodi la power driver, kenako muyezenso pa bolodi la CPU lenilenilo. Ngati pa TP2 mukupeza pafupifupi mavoti 5 koma ku CPU akufika otsika, magetsi akutayikira m'njira, ndiye muyang'ane konekita ya J114 pamene amatulukira ndi ya J210 pamene amalowera ku CPU. Yang'ananinso J101, yomwe imabweretsa magetsi kuchokera ku transformer. Zulani konekita imodzi, muibwezeretse, musewere, kenako muyese ina. Mukazula zonse nthawi imodzi vuto likhoza kuleka kwa masiku angapo koma simudzadziwa kuti yolakwa inali iti. Imene yathetsa kuzimako mutaigwira ndiyo yofunika kusintha timapini take mbali zonse ziwiri, osati kungopukuta, pakuti kupukuta kumangochedwetsa vuto. Mtengo wa timapini ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa bolodi latsopano.

Ngati magetsi ndi otsika pa TP2 pomwepo, mpamene mungakayikire regulator wa LM323K, amene amasunga magetsi pa mavoti 5, ndipo BR2 ndi C5 zibwere pamapeto, m'manja mwa munthu amene ali ndi chida choyamwira mtovu.

Musaiwale za kukhoma. Chingwe chachitali chowonjezera, kapena soketi yogawana ndi firiji, zimatsitsa magetsi asanalowe n'komwe m'makina, ndipo thermistor (kachipangizo kochepetsa magetsi olowa mwamphamvu poyatsa makina) wa m'kabokosi kolowera magetsi akakalamba amachitanso chimodzimodzi. Tukulaninso bwalo losewerera muone ma diode a 1N4004 pa makoilo a ma flipper. Kugwedezeka kumawathyola mwendo, ndipo poyang'ana amaoneka abwinobwino mpaka mutawakoka pang'ono ndi chala, makina atazimitsidwa.

Kabolodi kowonjezera komwe wina watchula, kopanga mavoti 5 kuchokera ku mavoti 12, kamaletsadi kuzimaku, koma konekita yopsa ija imapitirirabe kupsa, ndiponso njira ya mavoti 12 imasenza katundu wina.

Pozula makonekita kapena powotcherera, chotsani pulagi kukhoma, chifukwa mbali ya sikirini ili ndi magetsi opitirira mavoti 100, ndipo musaike fyuzi yoposa mlingo wolembedwa. Popeza mwatsegula kale, onaninso mabatire atatu a AA pa bolodi la CPU, chifukwa akatayikira amadya timinjira ta pabolodi. Mukayeza, mutiuze manambala onse awiri, la pa TP2 ndi la ku CPU.