Kodi ndasiya kukhala wa chipani chathu poti sindigwirizana nacho pa za feteleza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa pulayimale ku Dowa. Akuti kwawo onse ndi a Kongeresi kuyambira pa agogo, ndipo iwonso chiyambire kuvota amachonga pa tambala wakuda. Koma m'zaka zapitazi akhala akuganiza kuti ndalama zomwe boma limathira pa feteleza wotsika mtengo bwenzi zikupita ku ulimi wamthirira ndi ku mankhwala m'zipatala. Atanena zimenezi pa siwa ya azakhali awo, amalume awo anawakalipira pagulu kuti agulidwa ndi a buluu. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi munthu angakhale wa chipani koma osagwirizana nacho pa nkhani yaikulu chonchi? Kapena ndisake chipani china chogwirizana ndi maganizo angawa?"

Aphunzitsi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'banja mwanu. Inde, mungathe kukhalabe wa chipani chanu. Koma funso lanu lachiwirilo ndi limene landigoneka mochedwa, chifukwa chipani chomwe mukuchisakacho kuno kwathu kulibe.

Taonani mmene nkhani ya fetelezayi yayendera. A Bakili Muluzi ndi UDF anabweretsa sitata paki mu 1998, timatumba ta mbewu ndi feteleza taulere. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu 2005, anabweretsa makuponi. Mayi Joyce Banda ndi PP anawapitiriza, a Peter Mutharika chimodzimodzi. A Lazarus Chakwera ndi mgwirizano wa Tonse atalowa m'boma mu 2020 anasintha dzina la ndondomekoyi kukhala AIP, n'kuika thumba pa K4,495, mtengo womwe pofika 2022 unali utakwera kufika pa K15,000. Chikasu, buluu, olenji, tambala, onse anagwira chinthu chimodzi. Mukachoka ku Kongeresi chifukwa cha feteleza, kulikonse komwe mungapite mukam'peza feteleza yemweyo atakhala pampando wakutsogolo.

Za kwacha nazonso ndi momwemo. A Bingu anakanitsitsa kuchepetsa mphamvu ya ndalama yathu mpaka mafuta anasowa, magalimoto n'kumagona pamizere. Mayi Banda atangolowa, mu Meyi 2012, dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Boma la a Chakwera linagwetsa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wotsutsa aliyense amalira kuti amphawi aphedwa, koma akalowa m'boma n'kupeza kuti ndalama zakunja zauma, amakakhala pa tebulo lomwelo ndi a IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko. Si kuti zipani zonse n'zofanana pa chilichonse ayi. Zimasiyana pa kayendetsedwe ka zinthu, pa anthu omwe zimawapatsa maudindo, komanso pa kukula kwa dzanja lolowa m'thumba la boma. Koma pa mfundo zenizeni za chuma, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri kuposa mmene timakanganirana pa mabwalo a bawo.

Nanga n'chifukwa chiyani amalume anu anapsa mtima chonchija? Ine ndikuona zifukwa ziwiri.

Choyamba n'chakuti ife chipani timabadwa nacho ngati mfunda. Chisankho cha 1994 chinaonetsa zimenezi poyera: a Muluzi anakolola Kummwera, a Kamuzu Pakati, a Chakufwa Chihana Kumpoto, ndipo AFORD inatenga mipando yonse 33 ya chigawo cha Kumpoto. Kwa anthu a msinkhu wa amalume anu palinso mbiri ina yakuya. Agogo anga aakazi ankasunga khadi lawo la chipani m'kati mwa Baibulo, pa Masalimo, litakutidwa m'kapepala ka pulasitiki ka shuga. Nthawi ya chipani chimodzi ija popanda khadi sumalowa mumsika, basi sumakwera. Khadilo linakhalabe m'Baibulomo ngakhale itadutsa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pomwe nyali ya ofuna zipani zambiri inagonjetsa tambala, ndipo tinalipeza momwemo atamwalira. Munthu wokula chotere akamva mwana wa mlongo wake akudzudzula chipani, zimamupweteka ngati wanyozedwa mtundu.

Chifukwa chachiwiri ndi chomwe ndikufuna muchilingalire mofatsa, chifukwa apa sindili kumbali yanu kwathunthu. Inu pakutha pa mwezi mumalandira kangachepe. Amalume anu, ngati ali monga alimi ambiri a ku Dowa, matumba awiri aja, la chokulitsa ndi la chobereketsa, ndiwo amanena ngati nkhokwe ifike mwezi wa Febuluwale kapena ithere mu Okutobala. Mutanena kuti ndalamazo zipite kwina, iwo anamva kuti mukufuna kuwalanda nsima pakamwa. Amene anaona njala ya 2002, anthu akudya zikhawo za nthochi ndi gaga, sangamve msanga za madamu omwe adzamangidwe zaka zisanu zikubwerazi. Ine ndimagwirizana nanu kuti sitingapitirize kudalira mvula ya kamodzi pachaka pomwe nyanja ndi mtsinje wa Shire tili nazo. Zimandiwawa kuona mayi atakhala padepoti masiku atatu, chiphaso cha unzika chili m'manja, akuuzidwa kuti netiweki yavuta, chimanga kumunda chitayamba kale kuchita chikasu. Koma sindinganene kuti thandizolo lithe mawa m'mawa popanda china cholowa m'malo mwake.

Musaganizenso kuti Amalawi sasintha voti chifukwa cha mfundo. Mu 2009 a Bingu anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 aliwonse, ndipo Kumpoto komwe kunawavotera mwaunyinji, chifukwa anthu anali atakhuta. Patangotha zaka ziwiri, nkhani ya kota posankha ophunzira opita ku yunivesite, kusowa kwa mafuta ndi kuphedwa kwa anthu pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 zinawatembenuza mitima anthu omwewo. Mu 2019 aphungu 55 mwa 193 analowa m'Nyumba ya Malamulo ngati oima paokha, ambiri mwa iwo atagwetsedwa kapena kuberedwa pa zisankho zachipulula m'zipani zawo, anthu n'kuwatsatirabe. Ndipo pa nkhani ya maukwati a ana, aphungu a mbali zonse anagwirizana mu 2017 kusintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Ntchito yaikulu pa nkhondo imeneyo anaigwira anthu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, yomwe inathetsa maukwati a ana mazanamazana osafunsa kuti makolo awo amavala nsalu ya mtundu wanji.

Choncho langizo langa ndi ili. Ngati mtima wanu ukadali ku Kongeresi, khalani komweko ndipo muzilankhula. Wakutsina khutu ndi mnansi. Pitani ku misonkhano ya nthambi, ndipo nthawi ya zisankho zachipulula mukamufunse wofuna uphunguyo kuti pa za mthirira m'dera lanu waganizapo zotani, ndalama za chitukuko cha m'dera (CDF) zigwire ntchito yanji. Tsiku lovota mumapatsidwa mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, ndipo palibe lamulo lokuumirizani kuchonga chizindikiro chimodzi ponseponse. Gawo 65 lija la malamulo aakulu a dziko limamanga aphungu olumpha chipani m'Nyumba ya Malamulo, inu ovota silikukhudzani.

Koma musanachite zonsezi, pitani kwa amalume. Osati pa siwa kapena pamaso pa anthu. Muwapeze madzulo ali pakhonde, muwatengereko kapaketi ka shuga, ndipo musayambe ndi za chipani. Afunseni kuti chaka chatha feteleza anamupeza mwezi uti, anali matumba angati, ndipo anakolola ngolo zingati. Kenako muwafunse kuti dimba lawo la kudambo lija litakhala ndi pampu ya sola angadzalemo chiyani m'chilimwe. Mukandilemberenso zomwe akakuyankheni.