Chiyambireni kuthamanga, ndalama ya chakudya ikumatha pa 20

FUNSO: Ndine telala ku Area 25 ku Lilongwe, ndimalemera makilogalamu 60. Ndimathamanga masiku asanu pa sabata, Loweruka makilomita 25, pokonzekera mpikisano wa makilomita 42. Chiyambireni njala siikutha, ndipo ndalama ya chakudya ikumatha mwezi usanathe. Anzanga akuti ndigule ufa wa mapulotini wa m'zitini. Ndichepetse pati?

YANKHO: Achimwene, njalayo ndi yoona, ndipo nsima musaichepetse. Munthu wothamanga ola kapena kuposerapo tsiku lililonse amafunika magalamu 6 mpaka 10 a chakudya chopatsa mphamvu pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Tikatenga 7, inuyo mufunika magalamu 420 pa tsiku. Zomanga thupi, mapulotini aja, tiwerengere magalamu 1.5 pa kilogalamu, ndiye 90 pa tsiku. Manambala awiriwa ndiwo ayendetse chikwama chanu.

Ufa wa mgaiwa wolemera magalamu 400, wa phala ndi nsima kawiri, ukupatsani magalamu pafupifupi 300 a mphamvu ndi 35 a zomanga thupi. Mbatata ziwiri zazikulu ndi nthochi ziwiri zikwaniritsa mphamvu yotsalayo. Zomanga thupi zotsalazo zichokere ku nyemba zouma magalamu 100, nsinjiro magalamu 50, usipa wodzaza dzanja ndi dzira limodzi. Pa mwezi ndiye ufa makilogalamu 12, nyemba 3, mtedza umodzi ndi theka, usipa pafupifupi kilogalamu imodzi, thireyi imodzi ya mazira, kuphatikiza mbatata, nthochi, masamba, mafuta, shuga ndi mchere. Chitini cha anzanucho chilibe malo pamndandandawu.

Kuti mukhutire, werengani nokha. Tengani mtengo wa chinthu, mugawe ndi zomanga thupi zimene zili m'kati mwake. Kilogalamu ya soya ili ndi magalamu pafupifupi 360, mtedza 250, nyemba 210, nyama ya ng'ombe yopanda mafupa 200, thireyi ya mazira 180. Ufa wa m'zitini umachokera kunja, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholowa m'dziko ndi ndalama zakunja chinakwera koopsa. Soya wa ku Mitundu kapena ku Mchinji sadutsa pachipata cha dziko. Mukazingeni kaye asanapite kuchigayo, chifukwa wosakazinga amavuta kugaya m'mimba, kenaka sakanizani gawo limodzi la soya ndi magawo anayi a mgaiwa. Phala lake ndi lomwelija la likuni.

Pamene ndalama zimathera kwenikweni ndi pa kagulidwe. Ufa wa walkman, timapaketi ta tsiku limodzi tija, umadula kwambiri mukauwerengera pa kilogalamu. Thumba la chimanga la makilogalamu 50, mukagayitsa mgaiwa, likusungani miyezi inayi muli nokha. Mukakonola kuti mudye ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita ku madeya, komanso mulipira kuchigayo kawiri. Chimanga, nyemba ndi mtedza zimatsika mtengo pokolola, kuyambira April mpaka June, n'kudzakwera cha mu January ndi February. Ngati muli m'banki m'khonde, ngongole yogulira matumba awiri mu May ndi yanzeru kuposa ngongole yogulira nsapato yachiwiri. Koma kusunga kuli ndi zake: chimanga chiume bwino, chilowe m'matumba osalowa mpweya a PICS kapena muthiremo mankhwala a anankafumbwe, ndipo chisagunde pansi. Mtedza wofota, wachuku kapena wowawa tayani ndithu ngakhale mtima ukupweteka, chifukwa chukucho chili ndi poizoni wowononga chiwindi. Pa zouma yerekezani mitengo ya ku misika ya Mgona ndi Wakawaka musanagule pa msika wa Nsungwi, koma muwerengeremo ya minibasi. Ulendo wogula kilogalamu imodzi supindula. Gwirizanani anthu atatu kapena anayi othamanga nawo, mutume mmodzi.

Dzenje lina ndi la panjira. Munthu akamaliza makilomita 25 alibe chilichonse m'manja, amaima pa chiwaya: tchipisi, chakumwa cha m'botolo, mandasi awiri. Loweruka anayi otere amadya ndalama ya nyemba za mwezi wonse. Phikani mbatata Lachisanu madzulo, konzani thobwa, zikudikireni kunyumba. Chakumwa chothamanga nacho pangani chonchi: madzi lita imodzi, shuga magalamu 60 (masipuni anayi kapena asanu aakulu osasefukira), kamchere kotala ya sipuni yaing'ono, ndi madzi a ndimu. Mukachulukitsa shuga m'mimba mumaphwanya muli panjira, ndipo mukaiwala mchere m'dzuwa la October mudzafooka msanga. Chiyeseni pokonzekera, osati kuchiyamba tsiku la mpikisano.

Pali chimodzi chimene sindikufuna muumire: za magazi. Othamanga mitunda yaitali, makamaka amayi, magazi amawachepera. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi usipa zisasowe, ndipo muzidya chiwindi kamodzi pa sabata. Tiyi musamwere pa chakudya chomwecho, amatchinga thupi kutenga ayironi wothandiza kupanga magazi, dikirani ola. Mukaona mukuonda mwezi ndi mwezi, mukupuma mwabefu pa mtunda umene munkaudutsa bwinobwino, pitani kuchipatala akayeze magazi.

Ndalamayo igaweni patatu tsiku lomwe mwalandira. Theka lipite ku zouma za mwezi wonse, mugule sabata yomweyo. Gawo limodzi mwa magawo atatu likhale la masamba, nthochi, mbatata ndi tomato, muligawe panayi, muzitenga Lolemba lililonse. Kotsalako kasungeni ku Mpamba kapena Airtel Money, kadzagwire ntchito sabata ya mpikisano, pamene masiku awiri omaliza mudzafunika mpunga ndi buledi wowonjezera m'malo mwa nyemba, zimene zimatupitsa m'mimba.