Mafunso Anu: Mpira ku Dar es Salaam, mbiri ku Stone Town

Funso: A mkonzi, ine ndi anzanga atatu tikufuna kukaonera Simba ndi Yanga ku Dar es Salaam, komanso tikaponde ku Zanzibar. Kodi tingaoloke m'mawa n'kubwerera madzulo kudzaonera mpira? (Wokonda mpira, Mzuzu)

Yankho: Achimwene, zinthu ziwirizi musaziphatikize tsiku limodzi. Boti lothamanga limatenga maola pafupifupi awiri kuoloka, ndiye onjezanipo mzere wa padoko ndi kuthithikana kwa magalimoto popita ku Temeke, kumene kuli bwalo la Benjamin Mkapa. Bwaloli limalowa anthu 60,000 ndipo pa tsiku la matimu awiriwa masapota amayamba kulowa dzuwa lili paliwombo. Onerani kaye mpira, mugone, muoloke m'mawa mwake.

Chimene chimagwetsa Amalawi ambiri ndi nthawi. Mukangodutsa pa chipata cha Songwe, kankhirani wotchi kutsogolo ndi ola limodzi. Kuonjezera apo, m'Chiswahili maola a masana amawerengedwa kuyambira 6 koloko m'mawa. Akakuuzani kuti mpira uyamba "saa kumi na moja jioni", si 11 koloko ayi, ndi 5 koloko madzulo. Pa basi ndi pa boti pomwe, pemphani kuti akulembereni nthawiyo.

Matikiti a pabwaloli amadzera pa khadi ya N-Card. Gulani dzulo lake kwa ogulitsa ovomerezeka, osati kwa madobadoba a pageti. Simba ndi zofiira ndi zoyera, Yanga zobiriwira ndi zachikasu, ndipo aliyense amakhala mbali yake. Jezi yofiira ya Bullets imeneyo musalowe nayo pakati pa a Yanga.

Funso: Tili ndi tsiku limodzi lokha ku Stone Town, dera lakale la mzinda wa Zanzibar. Tiyambire pati? (Mayi wa ku Nkhotakota)

Yankho: Mayi, inu makamaka, yambirani ku Mkunazini, pa tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Chinamangidwa pamene panali msika wa akapolo, umene Sultan Barghash anatseka mu 1873. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anachokera kwathu kuno: ankaolotsedwa nyanja m'madoko ngati kwanu kwa Jumbe, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, kenako n'kupakiridwa m'zombo. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone kwa Chitambo, ku Zambia. Pafupi pali tizipinda tapansi, tamdima, toti munthu sungaimirire bwino. Malowa apatseni maola awiri, mutenge wokutsogolerani wa pomwepo, ndipo vuvuzela isiyeni kogona.

Mukatero tsikirani kunyanja kudzera m'tinjira tothina, mukuona zitseko zosemedwa zokhala ndi zitsotso za mkuwa. Mudzafika pa Ngome Kongwe, linga lomangidwa ndi Aluya a ku Oman, ndi pa Beit al-Ajaib, nyumba yachifumu ya mu 1883, imene mbali yake ina inagwa mu 2020. Dzuwa likalowa, chakudya chili pa Forodhani, bwalo la m'mbali mwa nyanja. Funsani mtengo asanakuikireni m'mbale, ndipo nsomba mudye yokhayo yowotchedwa inu mukuona.

Pasipoti musaisiye ku Dar es Salaam, chifukwa padoko la Zanzibar amaifuna ngakhale ndi dziko limodzi. Kuyambira mu Okutobala 2024 kulinso inshulansi ya alendo ya Zanzibar Insurance Corporation, choncho onani pa intaneti zimene akufuna kwa nzika za SADC musanagule tikiti ya boti. Tikitiyo gulani mu ofesi yeniyeni ya kampani, osapereka chikwama kwa amene akukuthamangirani panja. Makwacha sinthani pamalire, kutsogolo amavuta.

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. Valani zobisa mapewa ndi mawondo, chitenje chikuthandizani, ndipo m'mwezi wa Ramadan musadye m'misewu masana. Maboti othamanga sayenda usiku, ndiye pofika 3 koloko masana mukhale muli padoko ngati mukubwerera tsiku lomwelo. Amene amachita chizungulire pamadzi asankhe boti la m'mawa, poti masana mafunde amakula, makamaka kuyambira Juni mpaka Seputembala.