Kodyera kosamala chilengedwe mu Lusaka: kafunseni za kukhitchini

Amayi, mwafunsa za malo odyera mu Lusaka muno amene amasamaladi chilengedwe, oti mukasangalaleko ndi banja mu Disembala muno poti mwana wanu wamaliza maphunziro a zachilengedwe ku yunivesite ya UNZA. Mwati mudzakhala anthu oposa khumi, kuphatikizapo agogo ochokera ku Katete. Mwana ameneyo wakupatsani ulemu, ndipo pempho lake ndi lomveka.

Musasankhe malo chifukwa cha zithunzi za pa Facebook. Masiku ano aliyense wapaka khoma utoto wobiriwira, wapachika maluwa m'mabotolo, wagula mipando ya nsungwi. Paja akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinadyapo pamalo ena amene amadzitama kwambiri pa nkhaniyi. Chakumwa anabweretsa ndi kapaipi kapepala, koma kuseri jenereta inkalira mpaka sitinkamvana, nsomba inali yochokera kutsidya la nyanja, ndipo chotsala anatikulungira m'kabokosi koyera kaja kosawola, n'kukaikanso m'mapulasitiki awiri. Zinandiwawa, chifukwa mtengo umene tinalipira unali wa lonjezo limene sanalisunge. Choncho pitani nokha masana tsiku lina musanalipire kalikonse, muitanitse tiyi, kenako mucheze ndi woyang'anira malowo. Amene akuchita zoona sakwiya ndi mafunso, amakutengani n'kukakuonetsani.

Funso loyamba likhale la moto: amaphikira chiyani? Mu Lusaka nkhani yaikulu ya chilengedwe ili pa mbaula. Mukadzuka m'mamawa n'kuima pa Great East Road kapena msewu wa ku Mumbwa, muona njinga ndi malole zitasenza matumba a malasha, mitu yake yolukidwa ndi zingwe, zikulowa m'tauni. Thumba lililonse linali mitengo yamoyo ku Chongwe, ku Rufunsa kapena ku Mumbwa. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi chakuti Zambia imataya mahekitala a nkhalango pakati pa 250,000 ndi 300,000 pachaka, chifukwa cha kutsegula minda komanso kuotcha malasha. Chilala cha 2024 chinaonjezera vutoli: madzi atachepa ku Kariba malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ngakhale amene ankaphikira magetsi anabwerera ku mbaula. Sindiweruza mayi wa ku Mtendere amene alibe njira ina. Koma lesitilanti imene ikulipiritsa ndalama zambiri m'dzina la chilengedwe iyenera kuphikira gasi, magetsi, kapena timibulu ta utuchi tija timene a kampani ya SupaMoto amagulitsa pamodzi ndi mbaula zake. Mukaona mulu wa matumba a malasha kuseri kwa khitchini, yankho mwalipeza. Yang'ananinso padenga ngati pali ma sola. Amene ali nawo mudzadya mwabata ngakhale ZESCO itatenga malaiti, ndipo agogo sadzapuma utsi wa dizilo.

Poti phwando lanu lili mu Disembala, samalani kwambiri ndi nsomba. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limaletsa usodzi m'madzi ambiri a dziko lino, monga ku Kafue, Bangweulu ndi Mweru, kuti nsomba ziswane. Wina akakuuzani monyadira kuti ali ndi nsomba yaiwisi ya mu Kafue m'miyezi imeneyi, musaitanitse. Yankho labwino ndi lakuti ndi yoweta, monga ija imaleredwa m'makhola a pa nyanja ya Kariba ku Siavonga, kumene kuli kampani yoweta nsomba ya Yalelo, kapena ya m'maiwe a alimi. Chimodzimodzi nyama yam'tchire: ngati ili pa mndandanda wa zakudya, funsani famu imene yachokera ndiponso ngati ali ndi chilolezo. Akayamba kuzungulira, idyani nkhuku.

Ndiwo zamasamba ndiye pamene mtima wanga uli. Ena amaganiza kuti kudya mosamala chilengedwe ndi kudya saladi wa masamba achilendo amene agogo sangawadziwe n'komwe. Ayi ndithu. Mvula ikangogwa, Lusaka imadzaza ndi ndiwo zimene sizifuna kuthiriridwa ndi mjigo kapena kuyenda ulendo wautali m'galimoto yozizira: chibwabwa chanthete, bondwe, kalembula, delele, impwa, lumanda. Bowa wa tente amafika nthawi yomweyi, waukulu wodzaza mbale, ndipo amamera m'nkhalango yokhayokha imene mitengo yake ikadalipo. Mango ndi masuku ali mbwee. Wophika amene amasamala amasintha zakudya zake motsata nyengo, ndipo mukamufunsa kumene amagula amakuuzani mosajejema: m'dimba lathu kuseriku, kwa alimi a ku Chongwe, ku msika wa Soweto m'bandakucha. Kufupi ndi bwalo la ndege kuli Kasisi Agricultural Training Centre, kumene ansembe achi Jesuit akhala akuphunzitsa alimi kulima ndi manyowa popanda mankhwala kwa zaka zambiri. Malo akakuuzani kuti amagula kwa alimi a kumeneko, ndi chizindikiro chabwino. Enanso amagwiritsa ntchito mpunga wa ku Chama, uchi ndi chiponde za It's Wild, zochokera kwa alimi a bungwe la COMACO a m'chigwa cha Luangwa, amene ena mwa iwo anasiya kupha nyama mozembera n'kuyamba ulimi. Kwa ife akum'mawa, ndalama imeneyo ikubwerera kwathu.

Chikanda ndichitchule ngakhale ndikudziwa kuti ambiri andiyang'ana ndi diso lofiira. Chimapangidwa ndi timizu ta maluwa am'madambo, tosalimidwa, ndipo kukumba kamodzi ndiye chomeracho chatha. Takumba mpaka tambiri tsopano timachokera ku Tanzania, ndipo kumeneko anakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005, china mwa zifukwa zake n'kuteteza maluwa omwewa. Sindikuti musalawe. Koma pa tebulo la mwana amene waphunzira zimenezi, mbale imodzi yogawana ikwanira.

Pa madzi musanyengerere. Tonse tikukumbuka kolera imene inayamba chakumapeto kwa 2023, mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala mu Januwale 2024. Mzinda wathu wakhala pa miyala yokhala ndi ming'alu, ndiye zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowa msanga m'madzi apansi amene mijigo imakoka. Malo amene amabweretsa madzi mu jagi m'malo mwa timabotolo tapulasitiki akuchita bwino, koma afotokoze mmene amawayeretsera. Akalephera kufotokoza, gulani a m'botolo popanda manyazi, makamaka chifukwa muli ndi okalamba ndipo Disembala ndi nyengo ya mvula. Zakumwa zina itanitsani za m'mabotolo agalasi obweza, kapena munkoyo ndi thobwa ngati amaphika okha.

Za zinyalala n'zachidule. Lamulo la 2018 linaletsa timapulasitiki topyapyala tosakwana ma micron 30 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), koma ngalande za m'tauni zikutsekekabe ndipo mulu wa zinyalala wa kudzala la ku Chunga ukukulirakulira. Suzumirani kuseri muone ngati makoko ndi zotsala amaziika pazokha kuti zikhale manyowa kapena chakudya cha nkhumba, ndipo mabotolo ali pawokha.

Nanga mupite kuti? Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi mbali ya msewu wa Leopards Hill, kupitirira Kabulonga ndi Woodlands. Kumeneko kuli malo odyera angapo a m'mafamu ang'onoang'ono, okhala ndi madimba awo, moti mumatha kuona ndi maso kumene masamba a m'mbale yanu athyoledwa. Pali mithunzi, ana amathamanga momasuka, ndipo masana safuna kuyatsa magetsi ambiri kapena makina oziziritsa. Vuto lake ndi mtengo, komanso ambiri amaphika zachizungu, ndiye muwauziretu kuti pakufunika nsima, nkhuku yakumudzi ndi ndiwo zotendera. Pamafunikanso galimoto. Malo a m'mamolo monga Manda Hill, Arcades ndi East Park ndi osavuta kufikako, koma pa zimene mwana wanu akufuna sindingayambire kumeneko, chifukwa ambiri ndi nthambi za makampani zimene wophika alibe mphamvu yosankha kogula.

Ngati thumba lili lopepuka, musanyoze Matebeto ya ku Thornpark, malo ogulitsirako zakudya zakwathu zophikaphika. Kunena zoona kumeneko moto wake ndi wa malasha, ndipo pamenepo akulephera. Koma ndiwo zake ndi zam'dziko muno, zogulidwa m'mawa womwewo, zophikidwa ndi amayi amene ndalama yanu ikawalipirira ana sukulu. Mumaloza nokha m'mapoto, mumasamba m'manja, mumadyera m'mbale zotsukidwa, ndipo chotayidwa chimachepa. Poyerekeza ndi malo aja a jenereta ndi nsomba yobwera pa ndege, ine ndingasankhe kumeneko. Kungoti kumakhala phokoso ndi utsi nthawi ya nkhomaliro, ndiye pa phwando lokhala ndi zolankhula ndi pemphero la agogo sikungakuyenereni bwino.

Kulikonse kumene mungasankhe, sungitsani malo pasadakhale chifukwa Disembala amadzaza ndi maphwando a m'maofesi. Auzeni chiwerengero chenicheni cha anthu kuti asaphike zochuluka, ndipo pemphani kuti ndiwo zibwere m'mbale zazikulu zogawana, osati aliyense yake, chifukwa chakudya chambiri chimatayika m'mbale za munthu mmodzimmodzi. Nyamulani makontena anu awiri kapena atatu otengera zotsala. Ndipo mwana wanuyo mupite naye pa ulendo wokaona malowo, mafunso aja akafunse yekha, poti zimenezi akuzidziwa kuposa tonsefe.