Perekani chithunzicho, koma samalani ndi WhatsApp

Asisi, ine zimenezi zinandionekera, ndiye imvani. Mwafunsa ngati mupereke kapena ayi. Apongozi anu a ku Mexico akupempha chithunzi cha malemu mayi anu kuti akachiike pa ofrenda, tebulo lokumbukira akufa pa mwambo wawo wa Tsiku la Akufa (Día de Muertos), chifukwa akukuwerengerani ngati mwana wa pakhomo, palibenso china.

Bambo a kunyumba kwanga kwawo ndi ku Mexico komweko, ku Michoacán, kufupi ndi nyanja ya Pátzcuaro, kwa anthu a mtundu wa Purépecha. Mayi anga atamwalira sindinakakhale nawo pamaliro, anaikidwa ndisanapeze n'komwe ya tikiti. Novembala ikuyandikira apongozi anati ndibweretse chithunzi, poti kumeneko amene wamwalira chaka chomwecho ndi amene amamukonzera kwambiri. Anachiika pa ofrenda pambali pa cha malemu apongozi aamuna, makandulo mbali zonse, tambula ya madzi, mchere, buledi wotsekemera uja amati pan de muerto, utsi wa lubani wawo wa copal uli tolotolo m'nyumba. Maluwa achikasu a cempasúchil anawayala kuyambira kukhomo mpaka pa tebulo kuti mzimu usasochere. Anandifunsa zomwe mayi ankakonda kudya, ine n'kuphika nsima ya ufa wawo wa tortilla ndi nyemba. Nsimayo inali yomata koma ndinaika. Ndinalira tsiku limenelo kuposa tsiku la uthenga.

Usiku wa pa 1 Novembala tinakagona kumanda ku Tzintzuntzan, kukuzizira koopsa, manda onse ali ngwee ndi makandulo, anthu akudya ndi kucheza ndi akufa awo. Ndinajambula n'kuika pa status. Pakati pa usiku, kumudzi kutacha kale poti timasiyana maola 8, foni inayamba kulira. Amalume. Popanda ndi moni womwe: "Iwe, mayi ako unawapereka kuti?" Kufunsa bwino, mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anatenga chithunzi cha kachigaza kashuga kokongoletsera ofrenda, kolembedwa dzina la mayi pachipumi, n'kuponya pa gulu la banja, ati taonani kumene kukuchokera ndalama. Ndili chiimire pakati pa manda a eni, bulangete kumutu, apongozi akundipatsa kapu ya atole, kaphala kakumwa kotentha, ine ndikukuwa m'Chichewa kuti sindine wa satana. Anthu kundiyang'ana. Kunamizidwa kuti wapha mayi ako okubereka, asisi, musamve.

Chimandiwawa n'choti mlamu yemweyo ndi amene ankandilemba mwezi ndi mwezi za fizi ya ana. Pa chiliza cha mayi, chomangidwa ndi ndalama zomwezo, anavina kutsogolo, nyama n'kutengako ya kunyumba. Mpaka lero sanapepese, amangoti ankandipempherera. Apempherere mlomo wakewo.

Nanga chachilendo n'chiyani? Mwambowu ndi wa makolo awo. Asipanishi asanagwetse Tenochtitlan, likulu la mtundu wa Aaziteki, mu 1521, Aazitekiwo anali kale ndi zikondwerero ziwiri za akufa, china cha ana, china cha akuluakulu. Ankakhulupirira kuti womwalira amayenda zaka zinayi kupita ku Mictlán, dziko la akufa, galu n'kumuolotsa mtsinje, choncho ankamuika ndi kamba wa paulendo. Kenako zinasakanikirana ndi masiku a Chikatolika a oyera mtima onse ndi mizimu ya akufa, n'chifukwa pa 1 Novembala amalandira mizimu ya ana, pa 2 ya akuluakulu. Apongozi angawo Misa sajomba, korona sichoka m'manja. Ku Pomuch, ku Campeche, anthu a mtundu wa Amaya amafika potsuka mafupa a abale awo chaka ndi chaka. UNESCO inaulemba mwambowu pa mndandanda wake wa miyambo ya makolo mu 2008, pamodzi ndi Gule Wamkulu wathu yemwe.

Ndiye ine ndikuti musaope munthu, mayi ndi anu, palibe choti mubise. Perekani chithunzi, phikani chomwe ankakonda, mukhale nawo usiku wonse. Koma musajambule chilichonse. Mukajambula, alamu onse ndi amayi a kutchalitchi muyambe mwawatseka pa status, ndipo kachigaza kashuga kaja mukane, olo apongozi akhumudwe. Akumudzi musawauze n'komwe, kapena muuze mmodzi yekha amene ali ndi mutu. Komanso musapereke chithunzi chenichenicho, kachapitseni china, changa chinadontheredwa phula la kandulo pankhope ndipo chinali chokhacho cha mayi ali mtsikana.