Maso atsogole, mfuti ibwere pambuyo

Achimwene ena a ku Chilenje andilembera kalata. Ali ndi laisensi ya mfuti yaing'ono ndipo amachita masewera owombera chandamale. Akuti chandamale chimodzi amachilasa bwinobwino, koma akati asamukire pa chachiwiri mfuti imapitirira, chipolopolo n'kugwera m'mbali. Funso lawo n'lakuti, kodi agule sight (kachipangizo ka pamwamba pa mfuti kolozera chandamale) ya kadontho kofiira?

Ndalama zanuzo zisungeni kaye, achimwene. Funso limeneli limandiwawa chifukwa ndaona anthu ambiri akuthamangira kusitolo pamene vuto lili m'maso mwawo.

Kumene timawomberako Loweruka kumabwera mdala wina wa imvi, kachikwama kothaitha m'manja, mfuti yakenso yakale ya sight zachitsulo. Mukamuona akuwomba mungati akuchedwa. Sapupuluma, mapewa ali phee. Koma tikayang'ana pa timer, anyamata a zida zodula onse mdalayu amakhala wawasiya kutali. Tsiku lina ndinaima chapambali n'kumayang'ana nkhope yake m'malo mwa mfuti. Chipolopolo chachiwiri chikangotuluka, maso ake amakhala afika kale pakatikati pa chandamale chinacho, mfuti n'kumabwera pambuyo kudzaima pomwepo. Anyamata aja maso amamatirira pa sight n'kumayenda nayo limodzi, ndiye sadziwa poimira. Zimakhala ngati minibasi ya pa Great East Road imene dalaivala waona siteji mochedwa: apitirire, aponde buleki, ayambenso kubwerera cham'mbuyo. Nthawi yonse imathera pa kubwererako.

Ndipo anyamata amenewa ndiwanene. Akufuna phokoso loti aike pa TikTok, pha pha pha, koma pepala lachandamale sakulionetsa. Kumeneko ndi kuwotcha ndalama basi, zipolopolo mmene zadulira muno mu Lusaka. M'malamulo a IPSC, bungwe la masewera owombera la padziko lonse limene linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia, Missouri, mtsogoleri wake woyamba ali Jeff Cooper, amatenga mapointi ako n'kugawa ndi masekondi amene watenga. Kulasa pakati, pa A, ndi mapointi 5. Kuphonya amakuchotsera 10. Ndiye kuphonya kamodzi kokha kwadya zipolopolo ziwiri zabwino. Wothamanga mophonya sindimuwerengera ine, ngakhale atavala malaya a mpikisano okongola bwanji.

Enanso amathamangira El Presidente, njira yoyeserera kuwombera ya Cooper yemweyo: zandamale zitatu pa mtunda wa pafupifupi mamita 10, umayamba utazifulatira, kutembenuka, ziwiriziwiri pa chilichonse, kusintha magazini (kabokosi ka zipolopolo), ziwiriziwirinso, zonse 12. Ndi yokoma ndithu, koma muli zinthu zambiri nthawi imodzi, moti ukalakwitsa sudziwa kuti chavuta n'chiti. Komanso kutembenuka ndi mfuti yodzaza popanda woyang'anira pambali pako, ayi, zimenezo musayese.

Nanga mutani?

Yambirani kunyumba, mfuti ilibe kanthu. Chotsani magazini, suzumirani m'kati kawiri, zipolopolo mukazisiye m'chipinda china, ndipo sankhani khoma loti kuseri kwake kulibe munthu. Matani timapepala titatu motalikirana. Maso adumphe kaye kufika pa kamalo kakang'ono ka pepala lachiwiri, kenaka mfuti itsatire. Tembenukani ndi mawondo ndi chiuno, mikono isachite kukankha, chifukwa kukankhako n'kumene kumakupititsani. Sight isanakhazikike musakoke trigger. Pang'onopang'ono tsiku lililonse, osati kudzitopetsa kamodzi pa mwezi.

Mukapita kokawombera, ikani zandamale zitatu, ziwiriziwiri pa chilichonse, ndipo muzilemba nthawi ndi mapointi omwe. Zikayamba kutuluka mu A, bwezani liwiro pang'ono. Za kadontho kofiira mudzandilemberenso zitatuzo zikamadzaza pakati ndi sight zimene muli nazozi.